King's Cross St Pancras: mphambano ya sitima za pansi pa London imene palibe anaijambula yonse

Wachibale akatera pa bwalo la ndege la Heathrow, ulendo wake uli wopitirira mpaka ku Leicester, ku Nottingham, ku Leeds kapena ku Edinburgh, malangizo amene timamupatsa pa foni amakhala achidule: "Mukwere sitima ya Piccadilly, mukatsike pa King's Cross." Timayankhula ngati tikunena za depoti ya basi, poti ukangotsika chipata umachiona pomwepo. Pakatha ola limodzi ndi theka foni imaliranso. Mlendo uja anatsika kalekale, wakoka masutikesi awiri m'makonde a pansi pa nthaka mpaka mikono yachita dzanzi, zikwangwani zikuloza uku ndi uku, ndipo funso lake ndi limodzi: "Kodi ndikadali pa siteshoni yomwe ija?"

Amakhala akadali pomwepo. Dzina lake lonse ndi King's Cross St Pancras, ndipo mu London monse palibe siteshoni ina ya sitima za pansi pa nthaka pamene pamakumana njanji zambiri kuposa apa. Zilipo 6: Circle, Hammersmith & City, Metropolitan, Northern, Piccadilly ndi Victoria. Mapulatifomu okwererapo alipo 8. Pamwamba pake pali masiteshoni awiri akuluakulu a sitima zopita kutali, King's Cross ndi St Pancras, msewu wa Pancras Road uli pakati pawo. Mu 2019 mokha, anthu olowa ndi kutuluka pa zipata zake anakwana pafupifupi 88 miliyoni, osawerengera aja amene amangotsika sitima iyi n'kukwera ina osatulukira kunja. Amene munakwerapo Gautrain pa Park Station kapena pa Sandton ku Johannesburg mukudziwa mmene kumakhalira kukakwerera sitima pansi pa nthaka. Tsopano ganizirani njanji zoterozo zitasanjikizana, ina pamwamba ina pansi, iliyonse ikulowera kwake.

Alendo ambiri amadziimba mlandu akasochera pamalowa, amati mwina ndi umbuli wawo. Si choncho ayi. Siteshoniyi palibe munthu amene anakhala pansi n'kuijambula yonse. Inakumbidwa zidutswazidutswa pa zaka zoposa 100, ndi makampani opikisana, iliyonse ikusamala za sitima zake. Munthu woyenda pansi, amene ayenera kuchoka pa njanji iyi kupita pa ina, kapena kuthawira panja zinthu zikavuta, ankamukumbukira pomalizira. Mukadziwa amene anakumba chiyani komanso liti, makonde aja amayamba kumveka.

Chifukwa chake ili pamenepa

Nkhani imayambira pamwamba pa nthaka. M'zaka za m'ma 1830 ndi 1840 makampani a njanji ankathamangira ku London, iliyonse ikufuna siteshoni yake pakatikati pa mzinda. Mu 1846 komiti imene boma linasankha inalangiza kuti njanji zisalowe m'kati mwenimweni mwa mzindawo. Chakumpoto malire ake anali msewu umene kalelo unkatchedwa New Road, lero ndi Euston Road. Ndiye masiteshoni a sitima zochokera kumpoto anangondandalika m'mbali mwa msewu umodziwu. Euston inalipo kale kuyambira 1837, King's Cross ya kampani ya Great Northern inatsegulidwa mu 1852, ndipo St Pancras ya kampani ya Midland inabwera mu 1868, n'kudzaima pafupi penipeni ndi mnzake wolimbana naye. Dzina loti King's Cross linachokera pa chipilala chokumbukira Mfumu George IV chimene anachimanga pa mphambano ya misewu pamenepo mu 1830. Anthu sanachikonde ndipo anachigwetsa mu 1845, koma dzina linakanirira. Kale derali linkatchedwa Battle Bridge.

Vuto linali lakuti sitima zinkatula anthu m'mphepete mwa mzinda, pamene ntchito zawo zinali m'kati, ku dera la mabanki ndi malonda lotchedwa City. Misewu inathinana ndi ngolo za mahatchi. Loya wa City, Charles Pearson, anakhala zaka zambiri akulimbikira ganizo limene ena ankaliseka, loti njanji idutse pansi pa msewu n'kulumikiza masiteshoniwa ndi pakati pa mzinda. Mwatsoka anamwalira mu Sepitembala 1862, kutangotsala miyezi inayi kuti aione ikuyenda.

Injiniya wa ntchitoyi anali John Fowler, ndipo kakumbidwe kake si kovuta kukamvetsa. Ankatseka msewu, n'kukumba dzenje lalitali ngati ngalande yaikulu, kumanga makoma a njerwa mbali zonse ziwiri, kuika denga la njerwa lopindika ngati uta, kenako n'kukwirira, msewu n'kubwerera pamwamba. Angerezi amati cut and cover, kutanthauza kukumba n'kuvindikira. Kutsata msewu kunkawapulumutsa ku ndalama zogulira nyumba za anthu, koma kunkatanthauzanso kuti njanji izikhota pamene msewu wakhota, ndipo ikhale pafupi ndi pamwamba.

Cha ku King's Cross anakumana ndi mwini malo. Mtsinje wa Fleet, umene umachokera ku zitunda za Hampstead n'kukathira mu Thames, anali atauvindikira kale n'kuusandutsa ngalande ya zonyansa za mumzinda. Mu Juni 1862 ngalandeyo inaphulika, madzi n'kudzaza dzenje la njanji kulowera cha ku Farringdon, makoma ena n'kugwa. Paja madzi saiwala khwawa. Mpaka lero Fleet ikuyendabe mobisika pansi pa derali, ndipo aliyense amene anabwera kudzakumba pambuyo pake anayenera kuilambalala.

Pa 10 Januwale 1863 njanji ya Metropolitan inatsegulidwa, kuchokera ku Paddington kukafika ku Farringdon, mtunda wa makilomita 6. Inali yoyamba ya mtundu wake pa dziko lonse, ndipo King's Cross inali imodzi mwa masiteshoni ake 7. Tsiku loyambalo inanyamula anthu pafupifupi 38,000, m'mabogi a matabwa ounikiridwa ndi nyale za gasi, okokedwa ndi injini za malasha. Utsi unali wadzaoneni m'mapangamo, ndipo anthu anaupirira mpaka magetsi atafika mu 1905. Koma pali mfundo imodzi yofunika kuisunga: mapulatifomu oyambawo sanali pamene ali lero. Anali mamita mazana angapo chakum'mawa, cha ku Pentonville Road, patali ndithu ndi khomo la St Pancras.

Obwera pambuyo analowa pansi kwambiri

Pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 1800, kung'amba misewu ya pakati pa London kunali kovuta zedi, chifukwa pansi pake panali patadzaza mapaipi a madzi, a gasi ndi ngalande. Chimene chinapulumutsa zinthu ndi dothi lenilenilo. Mbali yaikulu ya London, makamaka kumpoto kwa Thames, yakhala pa dongo lamakande, logwirana, losalola madzi kudutsa, loti ukaboola silikugwera msanga. Magetsi nawo anali atafika, poti injini ya malasha singayende m'phanga lakuya lopanda potulukira utsi. Chotsala chinali chida chobowolera, ndipo amene anachikonza bwino ndi James Henry Greathead, injiniya wobadwira ku Grahamstown ku South Africa mu 1844.

Chida chakecho chinali ngati mgolo waukulu wachitsulo wogonekedwa cham'mbali, wotseguka mbali zonse ziwiri. Amuna ankalowa m'kati mwake n'kumasema dongo la kutsogolo ndi mapiki ndi mafosholo, mgolowo ukuwatchinjiriza kuti dothi lisawakwirire. Akasema pang'ono, majeki ankaukankhira kutsogolo, ndipo kumbuyo kwake anzawo ankalumikiza mphete zachitsulo, imodzi ndi imodzi, n'kuzimanga ndi mabawuti. Chotuluka pamenepo chinali paipi yozungulira, yotambalala mamita atatu ndi theka basi. Dzina loti Tube, limene anthu a ku London amatchulira sitima zonse za pansi, linachokera pa mapaipi amenewa.

Njanji imene lero ndi Piccadilly inafika pa King's Cross pa 15 Disembala 1906, yomangidwa ndi gulu la makampani limene anayambitsa wamalonda wa ku America, Charles Tyson Yerkes. Patangopita miyezi isanu, mu Meyi 1907, inafikanso City and South London Railway, imene inali yoyamba kuyendetsa sitima za magetsi m'mapanga akuya mu 1890. Iyo inkachokera ku Angel kupita ku Euston, ndipo inadutsa kunsi kwa Piccadilly. Lero ndi nthambi ya njanji ya Northern. Choncho pofika 1907 panali makampani atatu pansi pa dera limodzi, iliyonse ndi matikiti ake ndi polowera pake, ziwiri zakuyazo zikutsitsa anthu ndi zikepe. Wofuna kusintha sitima ankaona yekha chochita.

Kulumikiza kunayamba mochedwa. Mu 1933 pafupifupi njanji zonse za pansi zinaikidwa m'manja mwa bungwe limodzi, London Transport. Mu 1939 anatsegula holo yogulitsiramo matikiti ya pansi pa nthaka, kutsogolo kwa siteshoni ya King's Cross, ndipo masitepe oyenda okha, opangidwa ndi matabwa, analowa m'malo mwa zikepe. Mu Malichi 1941, nkhondo yachiwiri ya dziko lonse ili m'kati, mapulatifomu a Metropolitan anawasamutsira chakumadzulo kuti ayandikane ndi anzawo. Womaliza kubwera anali Victoria, pa 1 Disembala 1968. Omanga njanji imeneyi ankaganizira kwambiri za munthu wosintha sitima: pa Euston, pa Finsbury Park ndi pa Oxford Circus anakonza zoti ukatsika, sitima inayo uipeze pa pulatifomu yoyandikana nayo, osakwera kapena kutsika masitepe. Pa King's Cross zimenezi sizinatheke. Anangopeza mpata pakati pa mapanga akale n'kulowetsapo awo, monga ulusi pa singano.

Mmene zasanjikizirana

Amene anagumulapo chulu amadziwa kuti kunja chimaoneka mulu wa dothi chabe, koma m'kati muli zipinda ndi tinjira tosawerengeka. Pano ndi chimodzimodzi, kungoti tinjira take tili ndi dongosolo loti munthu angathe kuliloweza. Mukatsika masitepe kuchokera mu msewu mumafika m'maholo a matikiti. Pafupi pomwepo, motsata Euston Road kuchokera kumadzulo kupita kum'mawa, pali mapulatifomu awiri amene Circle, Hammersmith & City ndi Metropolitan zimagawana. Njanji zitatuzi pano zimayenda pa zitsulo zimodzi, ndiye muyenera kuwerenga kutsogolo kwa sitima kapena pa bolodi kuti mudziwe yanu. Kunsi kwake kuli Victoria. Kunsi kwa Victoria kuli Piccadilly, imene imadutsa kuchokera kumpoto kulowera kum'mwera. Pansi penipeni pali Northern. Ndiye kuya kwa njanji sikutsata zaka: yomaliza kubwera ili pakati.

Kusiyana kwa mibadwo iwiri ya kakumbidwe mumakuona ndi maso. Sitima za pamwambazi ndi zazikulu, munthu wamtali amaima mowongoka, ndipo muli mpweya wozizira. Za m'mapanga akuya ndi zazifupi, denga lake lopindika motsata paipi, moti woima pakhomo amaweramitsa mutu chitseko chikamatsekeka. Mukaima pa pulatifomu ya Piccadilly, sitima musanaione mumayamba mwaimva pa nkhope: mphepo yofunda imatuluka m'phanga, tinyuzipepala totayidwa timayamba kukwawa pansi, zitsulo zimalira chapansipansi, kenako nyale ziwiri zimatulukira mu mdima. Sitimayo imadzaza paipi yake yonse, ndiye imakankha mpweya kutsogolo ngati pampu ya njinga. Pa pulatifomu ya Victoria, tayang'anani pakhoma kuseri kwa mabenchi. Pali matailosi ojambulidwa zisoti zachifumu zosanjidwa ngati mtanda, ntchito ya Tom Eckersley, dzina la siteshoni lonenedwa popanda chilembo. Pa nthawi imene anthu amachuluka, njanji imeneyi imayendetsa sitima 36 pa ola limodzi mbali iliyonse, kutanthauza kuti mphindi ziwiri sizikwana ina isanafike.

Pali misampha iwiri imene imakola ngakhale okhalitsa. Njanji ya Northern imagawikana pawiri pakati pa mzinda, ndipo pa King's Cross pamadutsa nthambi ya ku Bank yokha. Wopita ku Charing Cross kapena ku Waterloo pa njanji imeneyi ayenera kukasintha pa Euston. Msampha wachiwiri ndi wa Euston yemweyo: mukamapita kumeneko pa Victoria mumakwera sitima yolembedwa kuti ikupita kum'mwera, koma pa Northern mumakwera yopita kumpoto. Zonse ziwiri zimakafika malo amodzi, pa siteshoni yotsatira. Apa m'pamene safunsa anadya phula.

Usiku wa pa 18 Novembala 1987

Kwa zaka pafupifupi 50, anthu a njanji zakuya ankadalira holo imodzi ija ya 1939 potuluka. Njanji ya Victoria itabwera, masitepe ake anakathiranso m'holo yomweyo. Zinali ngati midzi itatu yomwera pa chitsime chimodzi, kanjira kake n'kamodzi.

Lachitatu pa 18 Novembala 1987, cha m'ma 7:30 madzulo, apaulendo anaona moto waung'ono pansi pa masitepe oyenda okha ochokera ku Piccadilly. Kusuta kunali kutaletsedwa kale m'masiteshoni a pansi kuyambira 1985, moto wina utabuka pa Oxford Circus, komabe anthu ankakonda kuyatsa ndudu ali pa masitepe, poti akutuluka. Ofufuza anadzapeza kuti mwina wina anataya kamtengo ka machesi kakuyaka, n'kugwera pa mpata wa m'mbali mwa masitepewo. Kunsi kwake kunali girizi wa zaka zambiri wosakanikirana ndi fumbi, tsitsi, ulusi wa zovala ndi timapepala. Anapezanso zipsera zosonyeza kuti timoto tina tinayakapo kale pamalo omwewo n'kuzima tokha.

Masitepewo anaimitsidwa, ndipo apolisi, pofuna kupulumutsa anthu, anayamba kuwatulutsa kudzera pa masitepe a Victoria. Sanadziwe kuti akuwapititsa kumene moto ukulowera, chifukwa njira zonse ziwiri zinkakathera m'holo imodzi. Ozimitsa moto anafika nthawi itangopitirira 7:40. Amene anatsika kukaona anapeza moto wa msinkhu wa katoni yaikulu, woti akanatha kuuzimitsa ndi paipi imodzi ya madzi. Pa 7:45 lawi linatuluka mwamphamvu kuchokera m'phanga la masitepe n'kudzaza holo yonse ndi moto ndi utsi wakuda bii. Anthu 31 anamwalira, ndipo pafupifupi 100 anavulala. Mmodzi mwa omwalirawo anali mkulu wa ozimitsa moto a ku Soho, Colin Townsley, amene mtembo wake unapezeka pafupi ndi wa mayi wina amene akuoneka kuti ankamuthandiza kutuluka. Panalinso bambo wina wachikulire amene anakhala zaka zoposa 16 asakudziwika dzina, mpaka mu 2004 pamene zinatsimikizika kuti anali wa ku Scotland.

Amene anatsala pansi ambiri anapulumukira pa sitima za Victoria. Apolisi ena, atanyamula munthu wovulala, anayesa kudzera m'khonde lopita ku mapulatifomu akale aja a ku Pentonville Road, koma anapeza zipata zokhoma, mpaka wosesa wina wodutsa anawatsegulira. Nkhani ya zipata imeneyi imandikhudza kwambiri. Njira yachiwiri yotulukira inalipo, yotsala kuchokera ku mbiri ya siteshoniyo, koma palibe amene anaiwerengera ngati pothawira.

Funso limene linazunguza akatswiri linali lakuti: moto wa msinkhu wa katoni unasanduka bwanji ng'anjo m'mphindi ziwiri kapena zitatu? Poyamba ena ankaloza utoto wa padenga, umene unapakidwa kambirimbiri wina pamwamba pa unzake. Ena ankaloza mphepo yokankhidwa ndi sitima. Asayansi a pa malo a kafukufuku ku Harwell anayerekeza motowo pa kompyuta, ndipo zimene anaona sanazikhulupirire msanga: malawi sanali kuimirira monga moto umachitira, anali atagona chafufumimba motsata masitepe. Anakamanga chifanizo cha masitepewo ku Buxton, chochepetsedwa katatu, n'kuchiyatsa, ndipo moto unachita chimodzimodzi.

Amene anaonapo moto wa lupsa ukukwera phiri, makamaka ukalowa m'khwawa, sangavutike kumvetsa. Masitepe oyenda okha ndi otsetsereka madigiri 30, ndipo ali ndi makoma mbali zonse ziwiri, ngati ngalande yopendekeka. Moto ukakula n'kudzaza m'lifupi mwa ngalandeyo, mpweya sungathenso kuufikira kuchokera m'mbali, umangochokera kumunsi. Malawi ndi mpweya wotentha zimakanirira pansi n'kumakwera motsata masitepe, zikuwamba matabwa onse a kutsogolo. Matabwawo amayamba kutulutsa mpweya woyaka, ndipo kutentha kukafika pachimake, mtunda wonsewo umayaka nthawi imodzi, lawi n'kuponyedwa kumtunda ngati likutuluka mu mfuti. Khalidwe la moto limeneli linali lisanadziwike bwino, ndipo analipatsa dzina loti trench effect, kutanthauza zochitika za m'ngalande.

Koma kafukufuku amene anatsogolera loya Desmond Fennell sanathere pa sayansi. Anamva maumboni masiku 91, ndipo lipoti lake la mu Novembala 1988 linali ndi malangizo 157. Linapeza kuti akuluakulu a njanji ankaona moto wa pa masitepe ngati chinthu chosapeweka, moti sankautcha n'komwe moto, ankati smouldering, kunyeka chabe. Ogwira ntchito sanaphunzitsidwe mokwanira za kutulutsa anthu. Zida zopopera madzi kunsi kwa masitepe zinalipo koma sizinagwiritsidwe ntchito. Mawailesi a apolisi sankagwira pansi pa nthaka. Akuluakulu awiri, Sir Keith Bright ndi Tony Ridley, anatula pansi maudindo awo. Kusuta kunaletsedwa paliponse m'njanji za pansi patangopita masiku ochepa motowo utachitika, ndipo masitepe a matabwa anayamba kuchotsedwa m'masiteshoni onse. Omaliza, a pa Greenford, anachoka mu 2014.

Makonde aatali aja

Limodzi mwa malangizo a Fennell linali loti aunikenso mmene anthu amayendera ndi kuthinana pa King's Cross. Zinatenga nthawi kuti ndalama zipezeke. Chimene chinakankha ntchito ndi ganizo loti sitima za Eurostar, zodutsa pansi pa nyanja kupita ku Paris ndi ku Brussels, zizidzathera pa St Pancras, zimene zinayamba pa 14 Novembala 2007. Holo yakale anaikuza. Mu 2006 anatsegula holo ya kumadzulo, kunsi kwa bwalo la kutsogolo kwa St Pancras, yotumikira makamaka njanji zitatu za pamwamba zija. Pa 29 Novembala 2009 anatsegula holo ya kumpoto, pakati pa masiteshoni awiri aakulu, yokhala ndi masitepe ndi makonde akeake opita ku Northern, Piccadilly ndi Victoria. Pofika 2010 munthu wa pa njinga ya olumala, kapena mayi wokankha mwana, ankatha kufika pa pulatifomu iliyonse ndi chikepe. Ntchito yonseyi inadya mapaundi oposa 800 miliyoni, ndipo inachitika sitima zikuyenda tsiku ndi tsiku.

Ili m'kati ntchitoyo, siteshoniyi inaonanso tsoka lina. M'mawa wa pa 7 Julayi 2005 zigawenga zinayi zinasiyana pa King's Cross n'kukaphulitsa mabomba m'sitima zitatu ndi basi imodzi. Mwa anthu 52 amene anaphedwa tsikulo, 26 anali m'sitima ya Piccadilly imene inali itangonyamuka kupita ku Russell Square. Kuthina kwa phanga la Greathead, kopanda mpata m'mbali mwa sitima, kunachititsa kuti opulumutsa avutike kwambiri kuwafikira.

Tsopano tibwerere kwa wachibale wa masutikesi uja. Chimene chinamutopetsa kawirikawiri ndi khonde lalitali lochokera ku mapulatifomu akuya kupita ku holo ya kumpoto. Anthu a ku London amadandaula nalo, makamaka opita ku njanji ya Victoria, chifukwa zikwangwani zimawazungulitsa pamene njira yachidule, yodzera m'holo yakale, ilipo. N'zoona kuti ilipo, ndipo oidziwa amaidzera. Koma kuzungulitsako n'kwadala. Holo yatsopanoyo sakanaikumba pamwamba penipeni pa mapulatifomu, poti pamenepo pali kale msewu, ngalande ya Fleet, maziko a nyumba zakale ndi mapanga ena, ndiye anaiika pamene panali malo n'kuilumikiza ndi makonde. Makondewo amagwiranso ntchito ina: amamwaza khamu. Anthu otsika sitima imodzi akamayenda mphindi zingapo amatalikirana, othamanga kutsogolo, a katundu kumbuyo, ndipo safika pa masitepe onse nthawi imodzi. Komanso njanji yakuya iliyonse tsopano ili ndi njira zotulukira zoposa imodzi, zosathera m'holo imodzi. Ine ndikakhala ndi mlendo ndimatsata zikwangwani, ngakhale ndikudziwa kuti tiyenda mtunda, ndipo ndimamuuziratu kuti asankhe kumene akupita asanachoke pa pulatifomu: St Pancras ngati ulendo ndi wa ku Leicester, Nottingham kapena Sheffield, King's Cross ngati ndi wa ku Leeds, Newcastle kapena Edinburgh.

M'kati mwa siteshoniyi muli wotchi ndi chikwangwani chokumbukira anthu 31 aja, ndipo chaka ndi chaka pa 18 Novembala pamaikidwa maluwa. Mapulatifomu a 1863 nawo sanafafanizike onse. Mbali ina ya malo akalewo inagwiritsidwa ntchito ndi sitima za Thameslink mpaka mu Disembala 2007, pamene zinasamukira kunsi kwa St Pancras. Mukakwera Metropolitan kapena Circle kulowera ku Farringdon, khalani pafupi ndi zenera. Sitima ikangonyamuka, mdima umang'ambika, kuwala kwa dzuwa kumagwera pa makoma a njerwa zakuda ndi mwaye, ndipo kwa masekondi ochepa mumaona zotsalira za pulatifomu yopanda munthu, sitima isanalowenso m'phanga.